Chikomekome cha Nkhuyu

Wokulira pafupi ndi mkuyu sauzidwa kawiri. Nkhuyu ikapsa imafiira mokopa, munthu n'kumeza mate asanaitole n'komwe, koma wodziwa amayamba waing'amba ndi zala n'kusuzumira m'kati, pakuti akuluakulu adati chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Ambirife mwambiwu tidaumvera pa nkhani za banja, azakhali akulangiza mnyamata wotengeka ndi nkhope. Koma masiku ano alipo munthu wina amene mwambiwu ukumuyenera kuposa wofunsira mbeta. Munthuyo ndi mphunzitsi wa makompyuta, amene ophunzira amubweretsera zithunzi zimene akonza kuti awachongere.

Zithunzizo n'zokongoladi. Udzu uli biriwiri, malaya ali mbee, nkhope zasalala popanda chiphuphu n'chimodzi chomwe. Mphunzitsi wotopa, makalasi ena akumudikira, amaona kukongolako n'kupereka malikisi ambiri, ndipo pamenepo ndi pamene nyerere zimalowera m'kamwa. Kukongoletsa chithunzi lero sikufunanso luso. Foni imachita yokha munthu akangodina kamodzi. Mwana wobweretsa chithunzi chonyezimira mwina wagwira ntchito ola lathunthu akudziwa chimene akuchita, mwina wadina batani limodzi, mwinanso wachilandira kwa mnzake pa Bluetooth m'mawa womwewo. Poyang'ana chithunzi chokha, atatuwa sungawasiyanitse. Ine ndikuti malikisi operekedwa chifukwa cha kukongola kokha ndi malikisi otayika, ndipo amaphunzitsa mwana chinthu choipa: kuti bola anthu agome, njira ilibe kanthu.

Wina angafunse ngati nkhaniyi ndi yoyenera kuitayira nthawi kuno ku mapiri a Dowa ndi Ntchisi, kumene sukulu zambiri zikulirabe madesiki. Ameneyo ayende pa Mponela kapena pa Madisi, pa boma la Ntchisi ngakhale pa Malomo, aone timashopu ta fotokope. M'menemo ndi mmene mumatuluka makhadi a chinkhoswe ndi a ukwati, mapulogalamu a maliro okhala ndi nkhope ya malemu, zithunzi za pasipoti saizi zomata pa mafomu, maposita a msonkhano wa chitsitsimutso, zikwangwani za ogulitsa mbewu. Zonsezi zimadutsa m'manja mwa mnyamata kapena mtsikana wodziwa kudula chithunzi, kuchiwalitsa, kuchotsa za kumbuyo ndi kuikapo mawu. Ndi ntchito yodyetsa munthu, ndipo ambiri oigwira adaiphunzira poonerera anzawo, osati m'kalasi. Phunziro la Computer Studies pa MSCE ndi losankha, ndipo limatheka kokha m'sukulu zokhala ndi zipangizo. Kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 770,000 m'boma la Dowa ndi oposa 310,000 ku Ntchisi, pamene m'dziko lonse nyumba zounikira magetsi zidali pafupifupi 11 pa 100 zilizonse, zambiri mwa izo za m'tauni. Ndiye kuti mwana wa pa sekondale yoyendera kwa Nthondo kapena kwa Chakhaza amakumana ndi chithunzi chokonzedwa tsiku ndi tsiku pa foni ya achimwene ake, koma sakumana ndi womufotokozera mmene chidakonzedwera.

Kusowa kwa makompyuta n'kwenikweni, koma si chifukwa chopindira manja, ndipo umboni uli m'boma la Dowa lomweli. Pa Dzaleka, pamene padali ndende ya andale m'nthawi ya chipani chimodzi, mu 1994 n'kusanduka msasa wa anthu othawa kwawo, pali sukulu ya zamakompyuta yotchedwa TakenoLAB. Adaiyambitsa ndi Remy Gakwaya, wochokera ku Burundi. Poyamba makompyuta adali osakwanira, choncho iye adasindikiza chithunzi cha kiyibodi pa mapepala, ophunzira n'kumapita nawo kunyumba kukazoloweza zala. Mu 2017 bungwe la UNHCR ndi kampani ya Microsoft adatsegula pamsasapo malo ophunzirira kupanga mapulogalamu otchedwa AppFactory. Makina adabwera n'kupeza anthu atayamba kale.

Kukonza zithunzi nako kungayambire papepala, ndipo ndikuona kuti kukayambira papepala kumayamba bwino. Mphunzitsi atenge nyuzipepala yakale, The Nation kapena The Daily Times, adulemo zithunzi, apatse gulu lililonse chimodzi pamodzi ndi timakatoni tiwiri todulidwa mofanana ndi chilembo cha L. Timakatonito tikayang'anizana timapanga zenera lokula kapena kuchepa monga mwini afunira. Ana ayendetse zeneralo pamwamba pa chithunzi. Chithunzi cha msonkhano, mabenchi opanda anthu akatsala kunja kwa zenera, chimasanduka cha chinamtindi cha anthu. Cha anthu awiri akupatsana moni, ukabisa manja ogwiranawo n'kusiya nkhope ya mmodzi yekha amene adachita tsinya chifukwa cha dzuwa, chimaoneka cha mkangano. Palibe chawonjezedwa, palibe chapakidwa utoto, koma nkhani yasintha. Mwana amene waona zimenezi ndi maso ake asanagwire mausi wamvetsa kale chinthu chachikulu, chakuti wodula chithunzi amasankhira anzake choti aone. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo masabata oyamba ongoyang'ana ndi kukambirana sapita pachabe.

Makina akapezeka, nkhani yoyamba ikhale ya kuwala, chifukwa ndi pamene ana athu amapwetekera mosadziwa. Jambulani mwana wakuda atavala malaya oyera a yunifomu, ataima kutsogolo kwa khoma lopaka laimu, dzuwa lili paliwombo. Kamera imayeza kuwala kwa malo onse n'kufuna kuti zonse zigwere pakatikati. Poona kuyera kochuluka imachepetsa kuwala kolowa, nkhope n'kutuluka ili bii, maso okha. Cholakwa si nkhope ya mwanayo ayi, ndi muyeso wa kamera, ndipo mbiri yake ndi yaitali. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950 kampani ya Kodak inkatumiza kwa otsuka zithunzi khadi loyezera mitundu lokhala ndi chithunzi cha mayi wachizungu, lodziwika ndi dzina lakuti Shirley. Khungu la mayiyo likaoneka bwino, ankati makina ali m'malo mwake. Khungu lathu silinkawerengedwa. Wofufuza wa ku Canada, Lorna Roth, adalemba kuti china chimene chidakankha kampaniyo kukonza mafilimu ake chidali kudandaula kwa opanga mipando ndi chokoleti, amene katundu wawo woderako sankaoneka bwino pa zithunzi zotsatsira malonda.

Mafoni a lero apita patsogolo, koma ambiri amabwera ndi batani lokongoletsera nkhope, limene ntchito yake ndi kusalaza ndi kuyeretsa khungu. Mtsikana wa Fomu 2 akalidina n'kuona nkhope yoyererapo, anzake n'kumuyamikira, waphunzira phunziro limene palibe adalilemba pa bolodi. Akale ankati ukaipa dziwa nyimbo, potonthoza munthu kuti nkhope si zonse. Batani ili limachita zosiyana: limauza mwana wosaipa n'komwe kuti ngoipa, ndipo limamuuza m'mawa uliwonse. Zimenezi zimandipweteka mtima, chifukwa kuchokera pa batani kufika pa mafuta oyeretsa khungu ogulitsidwa pamsika si patali.

Mphunzitsi asiyanitse zinthu ziwiri zimene pa sikirini zimaoneka zofanana, kutulutsa nkhope imene mthunzi udabisa ndi kusintha khungu limene munthu adabadwa nalo. Choyambacho ndi luso, ndipo chimaphunzitsika. Mwana adziwe kuti kadontho kalikonse ka chithunzi kali ndi nambala ya kuwala kwake, kuchokera pa 0, mdima wandiweyani, kufika pa 255, kuyera kotheratu, ndipo pulogalamu imaonetsa kagirafu kotchedwa histogram kosonyeza kumene timadonthoto tachulukira. Akweze mbali yamdima yokha, malaya asapserere, pakuti chimene chafika pa 255 n'kusungidwa chotero chapita, ulusi wa nsalu sudzaonekanso. Akatero aitane mnzake wojambulidwayo aime pambali pa sikirini, ayerekeze. Ngati amayi ake angaone chithunzicho n'kunena kuti “uyu ndi mwana wanga,” ntchito yatheka. Ngati angafunse kuti “ameneyu ndani?” ntchito yalakwika, kaya ikongole chotani. Kudetsa nako kumanama. Mu Juni 1994 magazini ya Time idadetsa chithunzi cha O.J. Simpson chojambulidwa ndi apolisi, Newsweek n'kusindikiza chomwecho osachisintha, ndipo anthu ataona magazini awiriwo ali pamodzi m'sitolo adakwiya, poona kuti mdima wowonjezerawo ukuweruza munthu mlandu usanazengedwe.

Za kukula kwa chithunzi ndingodutsamo, ngakhale ndi zimene zimasunga kapena kuthawitsa makasitomala pa shopu. Chooneka bwino pa foni chimatha kutuluka chophwanyika pa pepala, chifukwa kusindikiza kwabwino kumafuna timadontho pafupifupi 300 pa inchi iliyonse. Tsamba lathunthu la A4 limafuna 2480 m'lifupi ndi 3508 m'litali. WhatsApp imafinya chithunzi potumiza, ndipo fayilo ya JPEG imataya kanthu nthawi iliyonse ikasinthidwa n'kusungidwanso. N'chifukwa chake pa maliro ambiri nkhope ya malemu pa pulogalamu imaoneka mwachimbuuzi: idadutsa m'mafoni angapo isanafike pa pulinta. Wophunzira wodziwa kufunsa kuti “chithunzi choyambirira chili m'foni ya yani?” wapulumutsa anamfedwa ku chisoni chachiwiri.

Tsopano kachongedwe. Mlimi wa fodya wa kuno amadziwa kuti belo siligulidwa poona chiguduli. Likafika ku okushoni, ku Kanengo kapena ku Chinkhoma, limatsegulidwa, ogula n'kusolola fodya wa pakati, chifukwa alipo ena amene amayala masamba abwino pamwamba n'kubisa zinyalala m'kati, ndipo belo lotero limabwezedwa. Mphunzitsi naye atsegule belo. Asalandire chithunzi chomaliza chokha. Wophunzira apereke pamodzi chithunzi monga chidatulukira mu kamera, fayilo imene wagwiriramo ntchito, ndi chomalizacho. Fayilo yapakatiyo ndiyo imanena zonse. Mapulogalamu okonzera zithunzi amalola munthu kusanjikiza ntchito yake m'zigawo zotchedwa ma layer, zimene Photoshop idayamba kukhala nazo mu 1994: chithunzi choyambirira pansi, kusintha kwa kuwala pamwamba pake, mawu pamwamba penipeni. Mphunzitsi akamazimitsa zigawozo chimodzichimodzi amaona njira yonse imene mwana wayenda, pamene adaganiza bwino ndi pamene adakwirira cholakwa. Amaonanso ngati mwanayo adasamala chithunzi choyambirira, chifukwa wokonzera pamwamba pa choyambiriracho n'kusunga alibenso kobwerera kasitomala akadzati sizinandisangalatse.

Pa ichi sukulu siifunika kugula kanthu. Photoshop, imene abale awiri Thomas ndi John Knoll adapanga n'kutuluka pamsika mu 1990, lero imalipiridwa mwezi ndi mwezi m'ndalama zakunja. Makope akuba amene amayenda pa mafulashi kawirikawiri amabwera ndi mavairasi, komanso amaphunzitsa ana kuti kuba kulibe kanthu. GIMP, imene ophunzira awiri a pa yunivesite ya California ku Berkeley, Spencer Kimball ndi Peter Mattis, adaiyamba mu 1995, ndi yaulere, imayenda pa kompyuta yakale, siifuna intaneti, ndipo imasunga zigawo zonse mu fayilo yake ya XCF. Mwana wodziwa chifukwa chimene akukwezera mbali yamdima mu GIMP sadzasochera mu pulogalamu ina iliyonse. Mabatani amasamuka, koma nzeru yake ndi yomweyo.

Komabe fayilo nayo imabwerekeka. Chosabwerekeka ndi pakamwa ndi zala za mwini wake. Mphindi zitatu n'zokwanira: “Tabwera kuno. Apa unachitapo chiyani? Chifukwa chiyani? Tabweza, uchitenso ndikuona.” Wogwira yekha ntchito amayankha mosadodoma, ndipo nthawi zina amatsutsa mwaulemu: “Iyayi aphunzitsi, ndikawalitsa kuposa apa malaya apserera.” Yankho limenelo n'loyenera malikisi onse. Ndipo aloledwe kufotokoza m'Chichewa. Tikuyesa ngati akudziwa kukonza chithunzi. Chingerezi chili ndi pepala lake. Ana ambiri aluso amaoneka osadziwa chifukwa choti dzina la chida lawathawa, pamene dzanja likudziwa pomwe chidacho chili ndi ntchito yake.

Kufunsa pakamwaku kumaululanso chinthu china chimene tonse timachidziwa koma sitichinena. Pa kompyuta imodzi pakaunjikana ana asanu, mausi amagwira mmodzi, ndipo kawirikawiri ndi mnyamata amene kwawo kuli foni yaikulu kapena laputopu. Ena amaima kumbuyo, atsikana kumbuyo kwenikweni, teremu n'kutha asanadinepo. Gulu likalandira 80, onse alandira 80, ndipo buku la malikisi limanena bodza. Inde, mutu umodzi susenza denga, koma mwambiwo umafuna kuti mitu yonse ilowe pansi pa dengalo. Mphunzitsi aike lamulo loti mausi azisinthana pa gawo lililonse la ntchito, ndipo pofunsa asatenge woimika dzanja. Aloze amene wakhala chete.

Magetsi nawo ali ndi mawu. Luso lotere likayesedwa tsiku limodzi lokha, mwana akhoza kulephera chifukwa magetsi athima asanasunge ntchito, kapena batire la sola latha mitambo itaphimba phiri. N'kwabwino kuti aliyense akhale ndi foda yake yosungiramo ntchito za teremu yonse, mphunzitsi aone kumene mwana adachokera ndi pamene wafika. Pogawa malikisi, ndikadakhala ine, kukongola kukadatenga gawo laling'ono kuposa onse. Gawo lalikulu likadapita ku funso limodzi: kodi chithunzichi chikugwira ntchito imene chidatumidwa, popanda kunamiza wochiona?

Funsoli n'lofunika chifukwa si kusintha kulikonse kumene kuli bodza. Makolo athu ankapita ku situdiyo n'kuima kutsogolo kwa nsalu yojambulidwa nyumba zosanja ndi maluwa, wina atanyamula wailesi yobwereka, wina atavala jekete la mwini situdiyo. Palibe adanamizidwa, pakuti aliyense ankadziwa kuti ndi nsalu. Khadi la ukwati lokhala ndi akwati pakati pa mitambo ndi nkhunda silipusitsa munthu. Ndi chikondwerero, ndipo mwana achite nalo monga mtima wake ufunira. Bodza limayamba pamene chithunzi chosinthidwa chaperekedwa ngati umboni. Mu Febuluwale 1982 magazini ya National Geographic idasendeza mapiramidi a ku Giza kuti akwane pa chikuto, ndipo mpaka lero nkhaniyo imatchulidwa pophunzitsa atolankhani. Ku Soviet Union, Nikolai Yezhov, amene adali mkulu wa apolisi achinsinsi n'kudzaphedwa mu 1940, adafufutidwa pa chithunzi chimene adaima pambali pa Stalin, pamalo pake n'kutsala madzi okhaokha. Mpikisano wa World Press Photo umafuna kuona fayilo yoyambirira ya kamera, ndipo mu 2015 udachotsa chimodzi mwa zisanu zilizonse za zithunzi zimene zidafika pafupi ndi kumapeto chifukwa chosinthidwa mopyola malire. Ngati akatswiri amafunsidwa kuonetsa choyambirira, mwana wa sukulu sachitiridwa nkhanza pofunsidwa chomwecho.

Ife Amalawi sitisowa kuuzidwa ndi akunja za kuopsa kwa kufufuta. Pa 3 Febuluwale 2020 khoti loona za malamulo oyendetsera dziko lidathetsa zotsatira za chisankho cha pulezidenti cha mu Meyi 2019, ndipo china mwa zifukwa zake chidali chakuti mapepala a zotsatira adafufutidwa ndi Tippex. Koma Tippex imaoneka. Ukakweza pepala, chigamba choyeracho chimadziulula chokha. Kufufuta kwa pa kompyuta kulibe chigamba. Satifiketi yosinthidwa magiredi, chithunzi chabodza cha uthenga wosonyeza kuti ndalama zalowa pa foni chimene wakuba amaonetsa wogulitsa soya, chikalata chonamizira kuti chachokera ku boma chikuzungulira m'magulu a WhatsApp, zonsezi zimapangidwa ndi zida zomwezo zimene tikuika m'manja mwa ana. Wophunzitsa kufufuta osaphunzitsa malire wagwira theka la ntchito, ndipo ndi theka loopsalo.

Pali ntchito imodzi imene ndingakonde kuti mwana aliyense wa kuno aigwire. Ajambule phiri la kwawo mu Okutobala, lupsa litadutsa, zitsa zili poyera, utsi utaphimba chigwa. Kenako apatsidwe maoda awiri pa chithunzi chomwecho. Oda yoyamba ikhale chikuto cha kabuku ka ndakatulo; achite zimene afuna, abiriwitse, aikepo mwezi ngati akonda. Oda yachiwiri ikhale lipoti la komiti ya m'mudzi yoona zachilengedwe, lonena za mitengo imene idabzalidwa dzinja latha. Apa aloledwe kuwongola chithunzi chopendekeka ndi kuchepetsa chimbuuzi kuti zimene zilipo zioneke, basi. Chida chokopera mbali ina ya chithunzi n'kumata pena chimatha kusandutsa mitengo khumi kukhala zana m'kanthawi kochepa, ndipo chiyeso chake n'chachikulu, chifukwa lipoti lobiriwira limasangalatsa opereka thandizo. Nyerere za nkhuyu imeneyi zimaluma mudzi wonse. Amene adaimapo m'nkhalango ya Ntchisi, pansi pa mitengo italiitali yotsala pa phiri la kumeneko, n'kuyang'ana mapiri ena amene adametedwa mpala, amadziwa kuti phiri lobiriwira papepala silisunga madzi. Mitsinje yake imaphwabe chilimwe chisanafike pakati, ndipo thandizo lobzalira mitengo yeniyeni silibweranso popeza lipoti lidati ntchito idatheka. Wophunzira amene wapereka zithunzi ziwiri zosiyana, n'kutha kunena chifukwa chimene chololedwa pa choyamba chili choletsedwa pa chachiwiri, wakhoza phunziro lonse. Wokongoletsa ziwiri zonse mofanana walephera, ngakhale anzake amuombere m'manja.

Nkhope ya munthu ili ndi mwini wake. Mwana asanajambule mnzake apemphe, asanatumize apemphenso. Chimene chimayamba ngati nthabwala, kumata mutu wa mtsikana wa m'kalasi pa thupi la wina, chimatha kuthawitsa mwana sukulu osabwereranso, ndipo lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limati kuzunza munthu kudzera pa makina otere ndi mlandu. Woseka lero akumbutsidwe kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Lamulo la Copyright Act la chaka chomwecho, limene bungwe la COSOMA limayang'anira, limateteza wojambula. Chithunzi chopezeka pa intaneti si cha aliyense wochitola. Mwambo wathu udadziwa kalekale kuti si chooneka chilichonse chimene chili choonetsa. Gule Wamkulu, amene UNESCO idamulemekeza mu 2005, amavinidwa pabwalo anthu onse akuona, komabe wanzeru amapempha kwa eni mudzi asanakweze kamera, ndipo za kudambwe sizijambulidwa. Mwana wa ku Dowa kapena ku Ntchisi amabwera kusukulu akudziwa kale zimenezi, ndipo mphunzitsi wofuna kufotokoza za chilolezo ayambire pomwepo.

Ena akuti zonsezi zatha ntchito, popeza tsopano kuli mapulogalamu otulutsa chithunzi chathunthu munthu akangolemba mawu. N'zoona kuti zinthu zasintha. Mu Malichi 2023 chithunzi cha Papa Francis atavala chijasi choyera chofufuma chidazungulira dziko lonse, ambiri n'kukhulupirira, pamene chidapangidwa ndi pulogalamu ya Midjourney. Chaka chomwecho Boris Eldagsen wa ku Germany adakana mphoto ya Sony World Photography Awards, ponena poyera kuti chithunzi chake chopambanacho sichidatuluke mu kamera. Koma ngati makina angathe kupanga chokongola m'kuphethira kwa diso, ndiye kuti kukongola kwatsika mtengo kotheratu, ndipo chotsala choti tiyese mwa mwana ndi chimene makina sangamuchitire: kudziwa chimene akufuna, kuona cholakwika, ndi kunena zoona za mmene chithunzi chidapangidwira. Ndikadakonda kuti pansi pa ntchito iliyonse mwana azilemba mzere umodzi wakuti ndadula apa, ndawalitsa apa, ichi ndachotsa, ichi chapangidwa ndi makina. Wozolowera kulemba mzere umenewu ali Fomu 3 adzaulembabe atakhala mtolankhani, kalaliki wa kwa DC kapena mwini shopu pa Mponela.

Ambiri mwa ana amenewa sadzatsegula shopu ya zithunzi. Koma aliyense wa iwo adzakhala munthu amene agogo, amalume kapena amfumu adzamupatsira foni n'kumufunsa kuti, “Iwe wapita kusukulu, tationere, izi n'zoona?” Amene adamatapo chinthu pa chithunzi ndi dzanja lake amadziwa poyang'ana: m'mphepete mwa tsitsi, mthunzi wogwera kolakwika, mtambo umodzi wooneka kawiri, zilembo zosiyana kukula pa chikalata. Amadziwanso kuti maso okha sakwanira, kuti afunse kumene chithunzi chachokera ndi amene adayamba kuchitumiza. Nthawi ya chisankho, nthawi ya mliri, nthawi imene mphekesera za anamapopa zayaka, mudzi umafuna mwana wotere. Mphekesera zimenezi zidaphetsa anthu osalakwa m'maboma a kummwera mu 2017, ndipo kuyambira nthawiyo mafoni otha kufalitsa chithunzi angochulukirachulukira m'midzi.

Choncho pempho langa likupita kwa a Malawi Institute of Education ku Domasi amene amalemba silabasi, kwa a MANEB amene amakonza mayeso, ndi kwa a TEVETA amene amayang'anira maphunziro a ntchito zamanja: kukonza zithunzi kupatsidwe malo ake, ndipo ndondomeko yochongera izifuna fayilo yoyambirira ndi kufotokoza kwa wophunzira mwini. Koma inu aphunzitsi a ku Kongwe, ku Mvera, ku Mbomba ndi m'masekondale oyendera a m'mapiri muno, musadikire kalata yochokera ku Zomba. Kuyambira teremu ino, chithunzi chobwera popanda fayilo yake yoyambirira musachichonge.